Ndime ya Lero: Kusandutsa Nchito Kukhala Masewera

Ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, mvula yoyamba ikangogwa anthu amalawirira kumunda kusanace. Ku Tsangano, kumapiri ozizira kumene amalima mbatatesi, tirigu, cimanga ndi nyemba, nakonso ndi cimodzimodzi. Nchito ya khasu ndi yowawa. Msana umaphwanya, m'manja mumatuluka matuza, ndipo munda umaoneka ngati ulibe malire.

Koma pali cinthu codabwitsa. Mnyamata amene wati watopa atangopalira mizere itatu, madzulo amathamangitsa mpira wacikulunga mpaka mdima, osadandaula. Mtsikana amene amaodzera pa phunziro la masamu amakhala pa phada nthawi yaitali, akuwerenga miyala osaphonya ngakhale umodzi. Mphamvu zimene zinasowa kumunda ndi m'kalasi zimapezeka pabwalo la masewera.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa ana a sukulu. Caka ca sukulu cimayamba nthawi ya mvula, pamene kumunda kuli nchito yambiri ndipo m'nkhokwe cimanga catsala pang'ono. Ana ambiri amajomba masiku ena. Mwana akakhala milungu ingapo osatsegula buku amaiwala zimene anaphunzira, amacita manyazi pobwerera m'kalasi, ndipo ena amalekeratu sukulu. Phunziro ili likufotokoza mmene munthu angadzilimbikitsire yekha pobwereka nzeru za m'masewera.

1. Cimene cimakoma m'masewera

Masewera ambiri ali ndi zinthu zisanu zimene zimakoka mtima wa munthu.

Coyamba ndi colinga coonekera. Pa mpira aliyense amadziwa kumene kuli golo. Pa bawo wosewera amafuna kudya nkhomo za mnzake mpaka mnzakeyo asowe cosewera.

Caciwiri ndi malamulo. Bawo lili ndi mizere inayi, ndipo mzere uliwonse uli ndi maenje 8. Maenje onse ndi 32, nkhomo zonse ndi 64. Wosewera saponya nkhomo paliponse pamene wafuna. Malamulo amamukakamiza kuganiza, ndipo akaganiza bwino amakondwa.

Cacitatu ndi kuona zotsatira nthawi yomweyo. Mwala wa phada ukagwa pansi, aliyense amadziwa kuti wosewera waphonya. Nchito zambiri sizili conco. Wobzala cimanga amadikira miyezi kuti akolole, ndipo wophunzira amadikira mayeso a kumapeto kwa caka. Mtima umatopa ndi kudikira.

Cacinayi ndi kukwera pang'onopang'ono. Pa phada wosewera amayamba ndi mwala umodziumodzi. Akapambana pamenepo amapita pa iwiriiwiri, kenaka itatuitatu. Masewera opepuka kwambiri satsitsimula, ndipo ovuta kwambiri amagwetsa ulesi. Okoma ndi amene amavuta pang'ono kuposa dzulo.

Cacisanu ndi anzake. Pamasewera pamakhala oonerera, oseka ndi ocemerera.

Nchito iliyonse ikapatsidwa zinthu zisanuzi imapepuka, ngakhale khasu likhale lomwelo.

2. Makolo ankadziwa kale

Nzeru imeneyi si yacilendo m'midzi ya ku Macanga ndi Tsangano. Citsanzo cabwino ndi dima. Mwini munda amafulula mowa kapena kuphika thobwa, naitana anansi kuti adzamulimire. Olima amaima pamzere, aliyense ndi ndime yake. Ndime ndi gawo la munda limene munthu wapatsidwa kuti alime. Iye sayang'ana munda wonse, amangoyang'ana pamene ndime yake yathera. Olima amaponyerana maso kuti aone amene ali patsogolo. Wotsalira amasekedwa mwanthabwala, ndipo wotsiriza msanga amabwerera kukamulandira. Munda umene ukanatengera banja limodzi masiku ambiri umatha tsiku limodzi. Pamapeto pake onse amakhala pamthunzi ndi kumwa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Pamtondo napo pali masewera. Amayi awiri kapena atatu akamasinja mu mtondo umodzi, minsi imalowa mosinthana motsatira nyimbo. Wina akaphonya nthawi, minsi imagundana ndipo onse amaseka. Nyimbo ndiyo lamulo la masewerawo. Masiku ano zigayo zinalanda nchito yambiri ya mtondo, koma amene anakula akusinja amakumbukira kuti mphale inkayera asanazindikire kuti atopa.

Masanje nawo ndi sukulu yobisika m'masewera. Anthu akatha kukolola, ana amakunkha cimanga ndi nyemba zotsala m'minda, amamanga timisasa, ndipo amagawana maudindo a bambo, mayi ndi mfumu. Amaphunzira kukoleza moto, kuphika nsima ndi kuweruza milandu popanda wowatuma.

Ngakhale kusunga ndalama anthu anakusandutsa masewera. M'Moçambique muli magulu a xitique, amene ena amati cipereganyu. Anthu amagwirizana kusonkha ndalama yofanana pa tsiku loikika, ndipo mmodzi amalandira zonse mosinthana. Anthu 10 akamasonkha meticais 100 pamwezi, aliyense pa nthawi yake amalandira meticais 1000. Munthu amene payekha sakanatha kusunga amasunga cifukwa pali lamulo, pali tsiku, ndipo anzake akumuona.

3. Anthu a maiko ena

Kutsidya kwa nyanja, ku America, kunali munthu wina dzina lake Benjamin Franklin. Anabadwa mu 1706 ndipo ankagwira nchito yosindikiza mabuku mumzinda wa Philadelphia. Ali mnyamata anafuna kukonza khalidwe lake. Analemba makhalidwe abwino 13, monga kusadya mopitirira, kusataya nthawi, kusamala ndalama, ukhondo ndi kudzicepetsa. M'kabuku kakang'ono anajambula mizere: malo 7 a masiku a pamlungu ndi malo 13 a makhalidwe aja. Madzulo aliwonse ankaika kadontho kakuda pa khalidwe limene walakwitsa tsikulo. Mlungu uliwonse ankalimbana kwambiri ndi khalidwe limodzi, kotero kuti ankamaliza onse m'milungu 13, kanayi pacaka. Atakalamba anavomera kuti sanafike pokhala wangwiro, makamaka pa kuika zinthu m'malo mwake, koma anaona kuti kabukuko kanamuthandiza kukhala munthu wabwinopo.

Mu 1907 Robert Baden-Powell anatenga anyamata pafupifupi 20 kupita nawo pa cilumba ca Brownsea, ku England. Anawagawa m'timagulu tinayi ndi kuwaphunzitsa luso losiyanasiyana mwa mipikisano. Ici cinali ciyambi ca gulu la masikauti, limene mwana amalandira kabaji kosokera pamalaya akadziwa luso lina, monga kumanga mfundo kapena kuthandiza wovulala.

Ca m'ma 2010 nzeru imeneyi inachuka ndi dzina lacingerezi lakuti gamification, limene m'Cipwitikizi amati gamificação. Opanga mapulogalamu a m'mafoni anayamba kuika mapointi, mabaji ndi milingo pa zinthu monga kuyenda, kuthamanga ndi kuphunzira. Pulogalamu ya Duolingo, imene inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2012, imaphunzitsa zinenero ndipo imawerenga masiku amene munthu waphunzira motsatizana osadumphitsa. Dzinalo ndi latsopano, koma nzeruyo ndi yomwe ija ya pa dima: kugawa nchito yaikulu m'ndime zing'onozing'ono ndi kuwerenga zimene zatha.

4. Pamene masewera amaononga nchito

Masewera ali ndi msampha wake. Mlimi aliyense amaudziwa. Pa dima pamakhala wina amene amafuna kungofika patsogolo. Amakwirira udzu ndi dothi osaudula mizu. Ndime yake imaoneka yoyera, ndipo anzake amamuyamikira. Mvula ikagwa kawiri, udzu uja umadzuka ndipo mwini munda amapaliranso. Wolimayo anapambana mpikisano, koma munda unaluza. Kuthamanga sikufika.

Zotere zinacitika mumzinda wa Hanoi, ku Vietnam, mu 1902. Nthawi imeneyo dzikolo linkalamulidwa ndi Afalansa. Makoswe anaculuka mumzinda, ndipo boma linaopa mliri. Linalengeza kuti lidzalipira munthu aliyense wobweretsa mcira wa khoswe. Micira inabwera yambirimbiri. Posakhalitsa anthu anayamba kuona makoswe opanda micira akuyendayenda. Osaka ankadula mcira ndi kumasula khoswe kuti akaswane. Ena anayamba kuweta makoswe. Boma linkafuna kuti makoswe athe, koma linkawerenga micira, ndipo anthu anapereka cimene cinkawerengedwaco.

Msampha waciwiri uli pa mphoto. Mu 1973 akatswiri atatu, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett, anafalitsa zimene anapeza pa sukulu ya mkaka ya pa yunivesite ya Stanford, ku America. Anasankha ana amene ankakonda kale kujambula. Ena anawalonjeza kapepala kaulemu akajambula, ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku, ana onse anasiyidwa kuti asewere cimene afuna. Ana olonjezedwa aja anajambula nthawi yocepa, pafupifupi theka la nthawi ya anzawo. Kujambula kunali kutasanduka ganyu. Mwana wozolowera kupatsidwa siwiti akawerenga amatseka buku tsiku limene siwiti yatha.

Msampha wacitatu ndi mpikisano umene wopambana amakhala yemweyo nthawi zonse. M'masukulu a m'Moçambique mayeso amawerengedwa kucokera pa 0 kufika pa 20. Mwana wopeza 7 akamayerekezedwa tsiku ndi tsiku ndi wopeza 18 amataya mtima. Koma akayerekezedwa ndi mmene analili mwezi wathawo, pamene anapeza 5, amaona kuti akukwera.

Msampha wacinayi ndi njuga. Njuga nayo ili ndi colinga, malamulo ndi zotsatira zamsanga, ndipo masiku ano inalowa m'mafoni mwa kubecha pa mpira. Kusiyana kwake n'kwakuti pa njuga wopambana amasankhidwa ndi mwayi. Munthu angasewere caka cathunthu osaphunzira luso lililonse, ndalama ya feteleza itapita. Masewera othandiza amasiya munthu ali ndi luso limene analibe.

5. Masewera a ndime ya lero

Mau akuti ndime ali ndi matanthauzo awiri. Pali ndime ya m'munda, palinso ndime ya m'buku. Mau akuti mfundo nawo ndi cimodzimodzi. Pali mfundo ya pa cingwe, palinso mfundo ya m'nkhani. Kale makolo ankawerenga masiku pomanga mfundo pa cingwe. Mwana wa sukulu angathe kupanga masewera ake ndi zinthu ziwirizi, popanda foni ndiponso popanda ndalama.

Zofunika ndi cingwe ca luzi kapena ca thumba lakutha, ndi tsamba lomaliza la kope. Pa tsambalo ajambule mizere inayi ya timabwalo 7, ngati maenje a nchuwa. Mzere uliwonse ndi mlungu umodzi, kabwalo kalikonse ndi tsiku limodzi. Timabwalo tonse ndi 28.

Malamulo ake ndi awa:

Lamulo loyamba: ndime ikhale yaing'ono ndi yodziwika bwino. Kunena kuti "ndidzalimbikira sukulu" si ndime, cifukwa palibe pamene yathera. Ndime ndi monga kuwerenga mokweza ndime imodzi ya m'buku la Cinyanja, kuphunzira mau asanu a Cipwitikizi, kapena kuloweza kuculukitsa ndi 7. Ikhale nchito yoti ingatheke ngakhale tsiku lobwera kumunda atatopa, dzuwa lisanalowe.

Lamulo laciwiri: pakhale mboni. Mboni ingakhale mnzake, mkulu wake kapena agogo. Agogo osadziwa kuwerenga ndi mboni yabwino. Mwana atseke buku ndi kuwafotokozera zimene wawerenga. Agogo akafunsa kuti, "Nanga pamenepo cinacitika n'ciyani, mdzukulu wanga?" mwana n'kusowa coyankha, ndiye kuti wakwirira udzu. Abwerere ku ndime yake.

Lamulo lacitatu: mfundo imamangidwa nchito ikatha bwino. Mboni ikavomera, mwana amange mfundo imodzi pa cingwe ndi kudetsa kabwalo ka tsikulo. Mfundo siimangidwa cifukwa ca lonjezo la mawa.

Lamulo lacinayi: tsiku lophonya silifafaniza masiku ena. Kumudzi kumagwa maliro, mwana amadwala malungo, mtsinje umadzaza. Kabwalo ka tsiku lotere kangotsala koyera, ndipo mawa masewera apitirire. Coyenera kupewa ndi timabwalo tiwiri toyera totsatizana, cifukwa pamenepo ulesi umayamba kumera mizu.

Lamulo lacisanu: ndime ikule pang'onopang'ono ngati pa phada. Mzere umodzi ukakhala ndi timabwalo takuda 5 kapena kuposa, mlungu wotsatira ndime ionjezeke pang'ono. Wowerenga ndime imodzi ayambe ziwiri. Mzere ukakhala ndi timabwalo takuda tiwiri tokha, ndime inakula msanga, ndipo icepetsedwe.

Lamulo lacisanu ndi cimodzi: wopikisana naye ndi mlungu wathawo. Ana akasewera pagulu, aphatikize mfundo zao zonse Lacisanu ndi kuziyerekeza ndi za mlungu wapita. Potero wofulumira amafuna kuthandiza wotsalira, monga pa dima, cifukwa mfundo ya mnzake ndi ya gulu lonse.

Lamulo lomaliza: mphoto icokere m'nchito yomweyo. Wodzaza tsamba lonse awerengere ana a kalasi yoyamba nthano, kapena alembere agogo kalata yopita kwa mwana wao amene ali ku Tete kapena ku Furancungo. Mphoto yotere siitha ngati siwiti. Imaonetsa mwana cimene kuwerenga kumagwira.

Zinthu zing'onozing'ono zikaunjikana zimakula. Mwana wophunzira mau 5 patsiku, masiku 6 pamlungu, amadziwa mau 30 pamlungu. M'milungu inayi ndi mau 120. M'milungu 40 ndi mau 1200. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha.

Akuluakulu nawo angasewere. Mlimi angamange mfundo tsiku lililonse limene wathira zinyalala ndi ndowe pa dzenje la manyowa. Mayi wogulitsa tomato angamange mfundo akaika padera meticais 5, ndipo pakatha masiku 30 adzapeza meticais 150. Wodwala amene anapatsidwa mankhwala a tsiku ndi tsiku kucipatala angadetse kabwalo akangomwa, kuti asaiwale.

Cingwe ndi cothandizira cabe. Mwana akafika poti amatenga buku yekha madzulo, osakumbukira ndi zomanga mfundo, masewerawo agwira nchito yake. Cingwe cija angacisunge m'thumba la mabuku, kapena kumangira nkhuni, nayamba cina pa luso lina limene likumuvuta.

Mau ofunika m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi

masewera: jogo
colinga: objectivo
malamulo: regras
mphoto: prémio
mpikisano: competição
mboni: testemunha
ndime ya m'buku: parágrafo
mfundo ya pa cingwe: nó

Mafunso

Ophunzira ayankhe mafunso awa m'makope mwao.

1. Kodi ndi zinthu zisanu ziti zimene zimakoka mtima m'masewera?
2. Kodi dima limapepukitsa bwanji nchito ya khasu?
3. Benjamin Franklin ankalemba ciyani m'kabuku kake madzulo aliwonse?
4. N'cifukwa ciyani makoswe sanathe ku Hanoi mu 1902, ngakhale micira yambiri inaperekedwa?
5. Kodi wokwirira udzu pa dima akufanana bwanji ndi wodula micira ya makoswe?
6. Cinacitika n'ciyani kwa ana amene analonjezedwa kapepala kaulemu akajambula?
7. Kodi njuga imasiyana bwanji ndi masewera a ndime ya lero?
8. N'cifukwa ciyani agogo osadziwa kuwerenga angakhale mboni yabwino?

Masamu

1. Gulu la ana 6 linamanga mfundo 24 mlungu woyamba ndi mfundo 31 mlungu waciwiri. Kodi mfundo zinaonjezeka zingati?
2. Anthu 8 a xitique amasonkha meticais 50 aliyense pamlungu. Kodi wolandira amalandira zingati? Papita milungu ingati kuti onse alandire?
3. Pa tsamba la timabwalo 28, mwana wadetsa timabwalo 21. Kodi toyera tatsala tingati?

Zocita

1. Wophunzira aliyense asankhe ndime yake ya tsiku ndi tsiku, ailembe m'ciganizo cimodzi, ndipo achule mboni yake.
2. Aliyense afunse munthu wamkulu wa kwao za dima kapena masanje a nthawi yake, ndipo adzafotokozere kalasi.
3. Pakatha milungu inayi ophunzira abweretse zingwe zao. M'timagulu akambirane masiku amene anaphonya, cimene cinawalepheretsa, ndi ndime imene adzayambe mwezi wotsatira.